Boti la Atate Lawoloka Bua

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako pamodzi ndi alamu. Kuno tonse tili bwino, mwendo wa amayi uja unaphwa.

Achemwali, boti lamatabwa lomwe atate ankakhoma lija layandama! Loweruka tinapakiramo matimati athu onse akudimba kuti tiwoloke nawo Bua asanaole, poti mlatho unakokoloka. Bowo lotulutsira madzi lapansi pa boti atate anatseka ndi chitsononkho, tangoganizani! Tili pakati pa mtsinje chinazuka, madzi n'kuyamba kutumphuka.

Amalume ataima kutsidya ankangowaseka atate. "Alamu, matimati okhawo tiponyereni, inu muzimira bwino!"

Ine ndinaponda pabowopo ndi chidendene. Mwamwayi tinanyamula thiredo pampu yothirira mbewu, kuopa akuba. Atate anaviika paipi m'botimo n'kupalasa pampuyo ndi miyendo ngati alumidwa ndi linthumbwi, madzi akulavulidwira kunja. Tinakocheza, matimati onse n'kukagulitsa ku Boma!

Chonde mutigulire chotsekera cha labala. Amalume akupempha kuti tidzawawolotsere fetereza wawo. Atate avomera, koma ine ndanenetsa kuti pabowopo amalumewo adzaponda okha.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Tiyamike