Botolo Nambala 4

LACHITATU

Malume 06:12
mphwanga usadere nkhawa. mtsinje uwu ndinayamba kusambamo bambo ako asanadziwe nkomwe geti ya kwathu. aphunzitsi ako amauona pa map, ine ndimaudziwa ndi mapazi

Malume 06:13
iwe khala ndi mayi ako kuchipatalako. kutunga madzi nkuvuta? kkkk

Pulofesa 06:20
malume plz si madzi wamba. ndi sample yomaliza ya research yanga. mvula yoyamba yagwa, ndipo ikagwa a fakitale ya zikopa amatsegula paipi yawo mmawa kuti zoipa zipite ndi madzi

Pulofesa 06:21
ma sponsor anandiwonjezera kale nthawi amayi atagonekedwa. anena kuti ikasowa ya lero sandilipiriranso chaka chomaliza

Malume 06:23
ndiye pali anthu amalipira munthu kuti azitunga madzi? ine ndinasochera. zaka 20 pa chiwongolero cha lole, chikhala ndinadziwa bwenzi ndili ndi digiri ya chidebe

Pulofesa 06:26
cooler box ili pansi pa bedi langa. mabotolo 5, ndinalemba manambala. malo ake ndakutumizirani. nambala 4 ndi kumunsi kwa paipi, ndiyo yofunika kwambiri. ayezi mugule panjira. ku lab mufike 4 koloko isanakwane

Pulofesa 06:29
🎤 mawu 1:52

Malume 06:31
achemwali agona bwnj?

Pulofesa 06:33
sakudya. mawu akutuluka pang'ono. akungofunsa za sukulu yanga

Malume 06:34
uwauze asayerekeze kupita kulikonse. sindinawabwezere makofi onse amandimenya ndili mwana aja

Malume 07:05
mawu ako aja akungozungulira, bundle yanga nayonso ili pa drip. unanena chani?

Malume 07:40
pulofesa?

Malume 07:41
ok ndaona wekha uli pa moto. zisiye, ndi za ife akuluakulu izi

Malume 09:18
📷 chithunzi
1, 2, 3 zatheka. nsapato imodzi yatsala m'matope, udzaiike pa research yako kuti inafera dziko

Malume 10:02
ndafika pa 4. mphuno yanga yapempha tchuthi

Malume 10:04
nsomba zayandama chagada. pano ndi pomwe ine ndi mayi ako tinkagwira nkhanu. ankandikweza pamsana powoloka, ine ndikulira ngati mbuzi

Malume 10:05
usawauze mmene pakhalira pano

Pulofesa 12:47
pepani malume anawatenga ku scan. adokotala akuti tiitane abale

Malume 12:49
ndikangotula madziwa ndikubwera. uwagwire dzanja

Malume 15:22
ndapereka!! nthawi isanakwane. bambo wa jasi yoyera wa pa lab anayang'ana mabotolo, nkundiyang'ana ine, nkuyang'ananso mabotolo. sanaonepo ntchito yaudongo chonchi

Pulofesa 15:30
zkm kwambiri malume. mwandiombola

Pulofesa 15:31
yaudongo bwnj?

Malume 15:33
iwe ndi mavutowa unaiwala kutsuka mabotolo. pansi panali timadzi tonunkha. ndawatsuka onse ndi sopo, mbee

Malume 15:35
ndiye madzi a nambala 4 anali akuda ngati oyilo wa lole, ubweya uli yandeyande. ndati mwana wa mlongo wanga akaime pamaso pa anthu ophunzira ndi zonyansa izi? amuseke? ndagula nsalu yatsopano, ndasefa katatu, ndawasiya adikhe. ukhoza kutsukira mkamwa kkkk

Malume 15:44
wakomoka ndi chimwemwe eti

Malume 15:58
pulofesa

Pulofesa 16:09
timadzi tija ndi mankhwala osungira sample. ndi zomwe ndimanena m'mawu aja

Pulofesa 16:10
zomwe mwasefazo ndiye research yanga malume. miyezi 6 ndimadikira zimenezo

Malume 16:10
ndibwerera pompano. mabotolo ena ali kuti? lole ili ndi mafuta

Pulofesa 16:12
paipi amatseka masana. mtsinje wapita nazo kale

Malume 16:13
mawa mmawa

Pulofesa 16:14
mvula yoyamba imagwa kamodzi

Malume 16:15
ndipatse number ya ma sponsor. ndiwauza ndekha kuti mbuli ndine, iwe sunalakwe. ndigwada ngakhale pa foni

Malume 16:21
📞 sanayankhe

Malume 16:23
📞 sanayankhe

Malume 16:40
mwana wanga nditukwane bola

Pulofesa 17:36
amayi atsegula maso. afunsa ngati madzi atungidwa, ndawauza kuti malume atunga bwinobwino. amwetulira, akuti ndiye kuti umaliza sukulu

Pulofesa 17:37
akukufunsani. mukamalowa mulowe mukuseka ngati masiku onse