Telala wa Nyimbo Yosafika Kumapeto

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi chiimirire chifukwa mpando wanga wadzaza nsalu. Ndine telala kuno ku Kaolack, kashopu kanga kali kuseri kwa msika, ndipo ndimagwira ndekha. Kudula ndine, kusoka ndine, kupeta maluwa a m'khosi ndine, kusita ndinenso. Tabaski, chikondwerero chathu chachikulu cha Chisilamu, yayandikira, nkhosa za nsembe zayamba kale kulira m'makomo, ndipo aliyense akufuna kudzapita kokapemphera atavala chatsopano. Nsalu ndalandira zambiri zedi. Kukana sindimatha, Aphungu. Munthu akangoti palibe telala ngati ine, ndimangozindikira tepi ili kale m'manja.

Koma chandilembetsa si nsalu ayi, ndi nyimbo. Ili mu foni yanga, yakalekale, ndipo imalira pa kasipika kuyambira potsekula shopu mpaka potseka. Imayamba ndi bambo mmodzi akuyimba yekha, akukhwekhweza mofatsa nsambo za kora yake, zeze wa kwathu kuno. Pamenepo manja anga amapepuka, nsalu imayenda yokha pansi pa singano. Koma cha pakati pamalowa ng'oma ndi gulu la amayi ovomera. Akangolowa, mtima wanga umayamba kuthamanga, ndimasiya makina n'kuibwezera poyambira. Mmene imathera ndinaiwala.

Massaer, wogulitsa anyezi moyang'anizana nane, amandikuwira tsiku ndi tsiku: "Achimwene, woyimba wanuyo mudzamulola liti kuti akafike kwawo? Ngakhale anyezi angawa ayiloweza!" Ine ndimaseka, koma m'kati sindiseka.

Dzulo mkazi wanga Ndoumbé atabwera ndi mpunga wa nsomba anaima pakhomo, maso pa mulu wa nsalu. "Bambo a Thiané," anatero, "nyimbo ikuzungulira, inunso mukuzungulira. Mulu uwu ndi womwe ndinausiya Lolemba. Achimwene anga makina awo angokhala, bwanji osawaitana?" Ndinamuuza kuti andisiye, iye anandisiyadi, chakudya n'kuchiika pansi.

Alamu angawo, a Baïdy, amasoka bwino, ndisaname. Angobwera kumene kuchokera ku Dakar ndipo makasitomala sanawapeze. Koma ine ndinakhala zaka zambiri m'shopu ya munthu, kusoka ine, kutchuka abwana. Tsiku limene ndinatsekula yanga ndinalumbira kuti chovala chotuluka muno chidzakhala cha manja anga okha.

Chikundidya kwambiri ndi Adja Seynabou, mayi amene anandibweretsera nsalu yoyamba shopu ino ili ndi makina okha ndi benchi. Chaka chino abweretsa nsalu ya mikanjo ya adzukulu awo onse. Anafika dzana n'kuti, "Mwana wanga, adzukulu aja akundifunsa m'mawa uliwonse. Usandichititse manyazi, wamva?" Ndinati mawa, Amayi. Nsalu yawoyo ndi choko chomwe sichinaikhudze.

Sindikukhazikika. Nditenge nsalu iyi, ndiisiye, nditenge ina, ndisuzumire pakhomo, ndibwerere, ndibweze nyimbo. Dzuwa likamalowa ndasoka zochepa kuposa masiku wamba. Kodi nyimboyi ndi imene yandimanga? Ndiifufute? Ena akuti ndipite kwa ashehe akandipempherere. Ndili ndi mantha, Aphungu.

O. T., Kaolack

Bambo O. T.,

Nyimboyo musaifufute, ilibe mlandu. Ashehe nawonso alekeni, masiku ano atanganidwa.

Kubwereza nyimbo si matenda. Atelala, ometa ndi amayi okazinga mtedza, ambiri ogwira ntchito okha ali ndi kanyimbo kawo. Makasitomala amasintha mawu, magetsi amathima osatsanzika, koma nyimbo imachita zomwe inachita dzulo, ndiye mtima umatsamirapo. Mukanati mumaimva yonse n'kuiyambanso, ndikanakuyankhani mwachidule kuti chepetsani voliyumu, a Massaer apume.

Koma mwadziulula nokha. Mumaidula pamene anthu ena akulowa. Bambo uja ali yekha mumamukonda. Akabwera omuthandiza mumawathamangitsa. Chala chimene chimabweza nyimbo n'chomwechonso chatsekereza a Baïdy pakhomo. Abwana anu akale anakupwetekani, ndikumva, ndipo kulumbira kwanu kunali koyenera tsiku limene munalumbiralo. Koma abwanawo anatsala kwawo. Amene akulipira mlandu wawo lero ndi mkazi wanu ndi adzukulu a Adja Seynabou.

Ndiye chitani izi lero, osati mawa lanu lija. Pitani nokha kwa alamu anu, musatume Ndoumbé. Kawauzeni kuti, "Alamu, ndamira, tengani makina." Mawu amenewa sanaphepo munthu. Dzina la telala lili pa kudula ndi pa maluwa a m'khosi, ndiye zimenezo gwirani inu. Kulumikiza, kupinda m'munsi ndi kusita apatseni iwo. Mugwirizaniretu za malipiro ntchito isanayambe, chibale chisadzathere pa mikanjo ya eni. Ndipo kasitomala akadzayamikira msoko, mudzanene kuti ndi wa a Baïdy. Inu mukudziwa kuwawa kwake kwa kusatchulidwa.

Mukabwerako, yalani nsalu ya Adja Seynabou patebulo n'kuyamba nayo. Tepi ichoke m'khosi, musalandirenso kansalu ngakhale ka mwana wakhanda, olo akutameni chotani. Kenaka muuyang'ane muluwo ndi maso a munthu wamkulu. Zimene simungathe ngakhale muli awiri, zibwezeni kwa eni ake zisanadulidwe, atelala ena akadali ndi mpata. Adzakalipa, inde, ena sadzabweranso. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo wobwezeredwa nsalu lero amakhululuka msanga kusiyana ndi wolonjezedwa mpaka tsiku lomaliza.

Za nyimbo, pamene alamu anu akhala pa makina, foniyo muyiike pashelefu patali, pomwe dzanja silifika. Amayi ovomera aja akalowa, mtima udzathamanga monga mwa masiku onse. Usiyeni uthamange, inu pitirizani kudula. Kwa mkazi wanu pepesani madzulo ano. Analankhula zoona ndipo anabwera ndi chakudya.

Chenjezo langa ndi ili. Mukufuna kuti dzina lanu likhale lokha pa chovala chilichonse. Dziwani kuti lidzakhalanso lokha pa chilichonse chosasokedwa. M'mawa wa Tabaski palibe mwana amene adzatembenuze mkanjo kuti aone amene anapinda m'munsi. Koma amene adzatsale m'nyumba ndi malaya a chaka chatha, akumvera pawindo anzake akupita kokapemphera, ameneyo adzafunsa agogo ake kuti telala wake ndani. Ndipo adzamuuza.

Phungu wanu