Andidula Kawiri Chaka Chino, Amayi

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku West Bromwich kuzizira kwayamba kale, dzuwa likungosuzumira n'kubwerera. Ndiyambe ndi za kumudzi, poti ndikudziwa kuti ndi zimene mungayambe kufunsa. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti amalira mokuwa ngati inu pomwe mukuitana nkhuku. Mbatata ya kachewere kudimba lanu lija la ku Bembeke yachita bwino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Denga la khitchini linasasuka ndi mphepo, alamu akonza. Tadala wanga watalika kundiposa. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chizungu basi.

Tsopano khalani pansi, Amayi. Chaka chino andidula kawiri, ndipo ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayendera.

Shuga amene anakutengani uja anandipeza nanenso. Tsiku limene anandiuza, ndinaona inu. Ndinaona mmene anayambira ndi chala chanu chakuphazi, kenako phazi lonse, kenako mwendo mpaka pabondo. Ulendo uliwonse ndikatsika ndege ndinkapeza mwachepa. Ine nesi wathunthu, wosamalira azungu ku Nuneaton, ndinangoima n'kumaonerera matenda akukudyani ngati chiswe. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwira.

Chichokereni kumaliro anu, thupi langa linangopita, kunenepa osaleka. Ma shift ataliatali kuntchito, tchipisi cha pakona, Fanta yotsitsira chisoni. Mawondo anayamba kulira pokwera masitepe. Chilungulira chinkandiwotcha mpaka kukhosi. Mapilitsi a shuga anasiya kugwira, dokotala akuti chatsala ndi jakisoni. Ndiye ananditumiza kuchipatala chachikulu cha ku Edgbaston, kwa anthu ochita opaleshoni yochepetsa thupi. Ndinadikira nthawi yaitali, ndinaphunzira zakadyedwe, mpaka ndinakaonana ndi dokotala wake, mayi wamanja ang'onoang'ono. Anandijambulira chifu n'kundiuza kuti njira zilipo zitatu.

Yoyamba amati band. Amamanga kalamba kumtunda kwa chifu, monga mmene munkamangira thumba la ufa kukamwa. Kamatha kuchotsedwa, koma kamakonda kusuntha, ndipo anati masiku ano sakukaika kawirikawiri. Yachiwiri amati sleeve. Amadula gawo lalikulu la chifu n'kulitaya, chotsalacho n'kukhala chowonda ngati nthochi. Imeneyi siitenga nthawi, koma chodulidwacho sichibwerera, ndipo kwa wachilungulira ngati ine moto uja ukhoza kukula. Yachitatu ndi bypass. Amasiya kathumba konga dzira, n'kukalumikiza ndi matumbo chakumunsi, chakudya n'kumalambalala chifu chonse. Anati ndi imene imalimbana kwambiri ndi shuga komanso chilungulira, koma ndi yaikulu, ndipo mavitamini ndi a moyo wonse. Dokotalayo ananena maganizo ake, koma anati thupi ndi langa, ndikaganize.

Ndinaganiza m'basi, ndinaganiza m'tramu, kasitima ka m'tauni muno, ndinaganiza ndikutembenuza odwala. Mtima unakhazikika pa bypass.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, ndinawauza bambo a Tadala. Ndinali kukhitchini ndikuduladula nkhuku. Inu munkawakonda akamwini anu aja, chifukwa ankakugwadirani pokupatsani moni. Koma dzanja lawo ine ndinkalidziwa kale.

Anayamba ndi kuseka. Kenako anati, "Ukawonda anthu azinena chiyani? Azinena kuti ndakupatsa kaliwondewonde? Ukufuna kundichititsa manyazi pa Amalawi onse a ku Birmingham?"

Ndinati, "Bambo a Tadala, amayi anafa alibe mwendo. Mukufuna nanenso mudzandiike theka?"

Anati ngati n'kofunika kwenikweni, ndiike kalamba kaja, chifukwa iwo akadzatopa nazo adzandiuza ndikachotse. Ndinati ayi, ndasankha kale.

"Wasankha? Wasankha ndi ndani? Wapeza ndani ku Nuneaton amene akufuna mkazi wowonda?"

Khofi loyamba linandigwetsera pa sinki. Lachiwiri linandiphulitsa mlomo. Anatenga makina opotera zakudya amene ndinagula pokonzekera phala la pambuyo pa opaleshoni, n'kuwamenyetsa kukhoma, magalasi mbwee! Kenako anaona mpeni uja pathabwa.

"Ukufuna kudulidwa eti? Bwera ndikudule ndine, usavutike kupita ku Edgbaston."

Amayi, analozadi pamimba. Ndinatchinga ndi mkono, ndipo mpeni unang'amba kuchokera pafupi ndi dzanja mpaka kufupi ndi chigongono. Sindinamve kuwawa. Ndinangoona magazi akuthamanga pa deresi langa la kutchalitchi, pa nkhuku, pa makabati. Tadala anali pamasitepe akukuwa kuti, "Dad, stop! Dad!" Mawu a mwanayo ndi amene anandidzutsa. Ndinawagunda ndi thupi langa lonse. Tinamenyetseka pa filiji n'kugwa pansi, ine pamwamba. Ndinaika bondo pamkono umene unali ndi mpeni n'kutsamira ndi kulemera kwanga konse, mpaka ndinamva chinthu chikuti phwa! Analira ngati mbuzi yomangidwa miyendo. Sindinadzuke. Anandilavulira, ananditukwana, anakutukwanani ndi inu nomwe muli kumanda. Ine ndinangokhala pomwepo, magazi anga akuwadonthera kumaso.

Mayi wina wachikulire wa ku Jamaica amene tayandikana naye nyumba anamva phokoso kudzera kukhoma n'kuimbira apolisi. Atalowa, anachita kundidzutsa awiri. Bambo a Tadala anawatenga apolisi, ine inanditenga ambulansi. Kumeneko ndiye kudulidwa kwanga koyamba. Anandisoka ngati thumba. Khoti linalamula kuti asayandikire nyumba, ndipo mlandu ukadali kutsogolo.

Sabata isanathe, akuluakulu awiri a mpingo anabwera. Anakhala pa sofa, anamwa tiyi wanga, anayang'ana bandeji, n'kunena kuti ndikathetse mlandu kupolisi, chifukwa banja ndi kupirira. Amayi, magazi anandikwera kumutu. Mawu amenewo ndi anu. Munandiuza tsiku la chinkhoswe changa, mukumwetulira ndi mpata wa mano awiri aja amene bambo anakugululani. Ndinatsegula chitseko n'kuwauza kuti atuluke ndisanaiwale kuti ndi akuluakulu. Mmodzi anaiwala chipewa. Ndinachiponya pamsewu.

Opaleshoni anaisuntha kaye kuti bala lipole, komanso ankafuna kudziwa ngati ndili ndi munthu wondisamalira ndikatuluka. Apa ndi pamene mantha anandigwira zenizeni. Tsopano Tadala ali ndi ine ndekha. Ndikapanda kudzuka pathebulo la opaleshoni, apita kwa ndani? Kwa bambo ake? Ndinayamba kuganiza zobwerera ku sleeve, poti ndi yaifupi. Tsiku lina ndinkati band yomwe ija basi, tsiku lina ndinkati ndingozisiya zonse, ndizibaya jakisoni. Mkwiyo unali pa aliyense: pa bambo a Tadala, pa shuga, pa thupi langa, ngakhale pa inu, chifukwa munandisiya nthawi yofunsa nzeru isanakwane. Ndinaswa mbale ziwiri zabwinobwino popanda wondiputa.

Mnzanga Mercy, nesi wa ku Mulanje amene timagwira wodi imodzi, ndi amene anandikhazika pansi m'galimoto mwake titaweruka. Sanandinyengerere. Anati, "Asisi, musasankhe ndi mantha a munthu uja. Musanamenyedwe munkadziwa chimene chikukudwalitsani. Chasintha n'chiyani m'mimbamo?" Ndinati palibe. Anati ndiye adzagona kwathu mpaka nditayamba kuyenda, ndipo Tadala ndi wakenso.

Ndinabwerera kwa dokotala uja n'kumufunsa mafunso onse amene ndinkaopa kufunsa. Sanandibisire kuti opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi zake, koma anati kukhala mmene ndinalilimo kulinso ndi zake, ndipo zimenezo ine ndinkazidziwa kuposa iye. Munkakonda kunena kuti walira mvula walira matope. Ndinati chabwino, matopewo abwere. Ndinasankha bypass.

Kudulidwa kwachiwiri kunali mwezi wathawu. Sanang'ambe mimba ayi, anangoboola timabowo n'kulowetsa zitsulo zawo. Nditadzuka ndinamva ngati ng'ombe yandiponda pachifuwa. Masiku oyamba ndinkamwa madzi ndi kasupuni, kenako phala lamadzimadzi. Tsiku lina ndinanyengeka n'kulawa chakumwa chotsekemera. Amayi, thukuta, kunjenjemera, mtima kuthamanga, ndinagwada m'bafa ngati ndikulapa. Sindidzabwerezanso. Koma chilungulira chatha, mapilitsi a shuga andichepetsera, ndipo dzulo ndayenda mpaka pa siteshoni ya tramu osapumira panjira. Timabala ta dokotala tauma kale. La pamkono ndi limene limanyerenyetsabe kukazizira.

Chimene chikundipweteka ndi Tadala. Kukhitchini salowa ngati mpeni uli poyera. Akuonana ndi mlangizi wa kusukulu, ndipo pang'onopang'ono wayambanso kuseka. Tsiku lina akundithandiza kuvala juzi anagwira chipsera chija n'kundifunsa ngati agogo ake mukanandiuza kuti ndiwakhululukire bambo ake abwerere. Ndinamaliza kuvala juziyo. Kenako ndinamuuza zoona, kuti mwina mukanatero, chifukwa ndi zimene nanunso anakuphunzitsani, ndipo panalibe wokuimbirani apolisi.

Sindikukuimbani mlandu, Amayi. Ndimakukondani mmene ndinkakukonderani ndili kamwana kogwira chitenje chanu kumsika. Miyambi yanu yonse ndidzampatsa mdzukulu wanuyu, amve ngakhale aziyankha m'Chizungu. Koma umodzi uja wa kupirira ndaukwirira. Ndikukulonjezani kuti sudzatuluka pakamwa panga, ngakhale tsiku la chinkhoswe chake.

Gonani bwino.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike