Zipika za Pansi pa Chaulusi

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukupalabe matabwa osamanga kansalu kumphuno? Nanga bondo la amayi? Achimwene akuti masiku ano amayi akumafika okha kumpopi, koma achimwene ndi munthu woti ngakhale denga likupsa amati zonse zili bwino. Ine kuno ndili moyo, kupatula kachimfine kosatha chifukwa cha chipinda chozizira chimene ndimagwiramo ntchito. Kunyumba ya lendi nako mpopi ukudontha mwezi wachiwiri tsopano, ndipo alandilodi amati abwera mawa, mawa lake losafika.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ndinayesa kawiri kukuimbirani. Ulendo woyamba makina anu anali kulira, munangoti eya, eya, n'kudula. Wachiwiri anayankha ndi achimwene, ndipo nditawafotokozera anaseka, amvekere sukulu yandizunguza mutu. Ndiye ndati ndilembe, poti inu mawu a papepala mumawawerenga kawiri mutavala magalasi.

Mwakhala mukuuza anthu kuti mwana wanu amagwira ntchito ya masamba. Simunaname, koma lero ndikufotokozereni bwino. Anzathu amayenda m'madera n'kumathothola masamba a mango, mtengo uliwonse masamba asanu, n'kulemba nambala ndi malo amene mtengowo uli. Ine ndimawaumitsa ndi kuwapera mpaka akhale ufa. Kenako makina amawerenga chibadwa cha mtengowo, monga mmene kuchipatala amayezera magazi kuti adziwe kuti mwana ndi wa ndani. Mtengo uliwonse umasanduka kadontho pamapu aakulu amene ali pakhoma la ofesi, ndipo mitengo yapachibale imapatsidwa utoto umodzi. Cholinga chake n'choti tidziwe mitengo yoyenera kuisunga isanathe.

Tagwira ntchitoyi chaka ndi miyezi iwiri, mitengo yoposa zikwi ziwiri. Tsiku limene mapu anatha, bwana wathu, amene tonse timawatcha Mayi Dokotala, anaima patsogolo pake n'kuwayang'anitsitsa. Mapu onse anali psuu, ofiira. Pafupifupi mango onse a m'minda ndi m'makomo ndi ana a mitengo itatu yokha, yomezanitsa, imene anthu anaikonda chifukwa chotsekemera komanso chopanda ulusi. Mayi Dokotala anati zikatere nthenda ikapeza khomo mwa mtengo umodzi, ndiye kuti yalipeza mwa yonse.

Nthendayo, Bambo, ilipo kale, ndipo ndaiona ndi maso angawa.

Mwezi watha ananditenga kupita kumunda wina wa mitengo mazana asanu ndi limodzi. Tikutsika galimoto ndinkayesa kuti mwadutsa moto. Masamba onse anali ouma gwaa koma osagwa, ali lende m'nthambi. Munalibe mbalame, ngakhale ntchentche. Pathunthu la mtengo uliwonse panali timabowo ngati ta msomali wa inchi imodzi, pansi pali kaufa kosalala ngati kamene kamatsala mukakwecha thabwa ndi sandipepa, ndipo utomoni wakuda ukuyenderera m'khungwa. Mayi Dokotala atasenda khungwalo ndi mpeni, mkati munali mizere yakuda yokwera m'mwamba. Akuti kachirombo kochepa kuposa njere ya mpunga ndi kamene kamaboola, n'kulowetsamo nthenda yotseka njira za madzi.

Mwini mundawo, bambo wa msinkhu wanu, anatiuza kuti imayamba ndi nthambi imodzi, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi mtengo wonse wapita. Anafunsa ngati kuli mankhwala. Mayi Dokotala sanamunamize, anamuuza kuti kulibe. Munthuyo anatipatsa madzi akumwa, n'kutiperekeza mpaka pageti.

Kachiromboka sikauluka patali. Amene amakayendetsa ndi anthu. Mitengo ikauma amaidula n'kugulitsa zipika, zipikazo n'kukwera malole, kachirombo kali phee m'kati mwa khungwa. Pobwerera, adalaivala athu, munthu wa nthabwala woti sutha kumwa tiyi ali pafupi, anayamba kuwerenga malole a zipika amene tinkakumana nawo. Atafika pa khumi ndi limodzi anasiya kuwerenga, nthabwala nazo zinathera pomwepo. Onsewo ankalowera msewu wa kwathu.

Tsopano ndiulule mlandu wanga. Nditabwera kudzakuonani ulendo watha, ndinathothola masamba a mango athu a kuseri kwa shedi yanu, aja timawatcha Chaulusi. Ndinangochita mwachibwana. Ndinkafuna ndidzakusekeni kuti ngakhale makina awakana mango amene amayi amati mbuzi nazo zimangowanunkhiza n'kudutsa, amene inu mumati munawasiya chifukwa cha mthunzi wa benchi lanu lopalira basi. Ndinawalowetsa pakati pa masamba ena osauza munthu. Zotsatira zitatuluka, Mayi Dokotala anandiitana muofesi n'kundikalipira kuti ndasokoneza ntchito. Atatha kukalipa anandituma kuti ndiyezenso. Ndinayeza katatu, ndipo katatu konse zinatuluka chimodzimodzi.

Pamapu ofiirawo panali timadontho tisanu ndi tinayi tokha tobiriwira, mitengo yakale yosiyana ndi inzake. Chaulusi sali pachibale ndi yofiira, sali pachibalenso ndi yobiriwirayo. Anachita kumufunira utoto wakewake. Anandifunsa kuti anadzala ndani, ndinati sitidziwa, inu munaupeza uli kale wamkulu pamene munkagula malowo.

Ndisakunamizeni kuti mtengo wathu sungadwale. Mayi Dokotala akuti palibe akudziwa. Koma akuti ngati kuli mtengo umene ungalimbane ndi nthendayi, upezeka pakati pa yosiyanayi, ndipo ndi umene adzukulu anu adzadyere mango. N'chifukwa chake anatuma anthu kukadula timphukira pa mitengo isanu ndi inayi ija kuti akatimezanitse m'nyumba ya ukonde, mosalowa tizirombo. Pa inayi anapeza zitsa, eni ake anadula kalekale poti zipatso zake sizigulika. Iwiri anaipeza ikutuluka kale utomoni wakuda. Yatsala itatu, wachinayi ndi wathu. Anakonza zoti tibwere kwanuko pakatha masabata atatu, timphukira tikakhwimirako.

Ndinali wokondwa, Bambo, mpaka Lamlungu lapitali. Achimwene atatha kundiseka pafoni paja, anasintha nkhani n'kuyamba kundiuza za mwayi umene mwaupeza. Akuti lole ina inaima pamsewu ndi zipika za mango zouma kale, zokwanira mabenchi onse a sukulu amene anakupatsani kuti mukhome. Ndinafunsa kuti mwaziika pati. Anati pamthunzi, kuopa kuti zingang'ambike ndi dzuwa, zina mwazitsamiritsa pathunthu la Chaulusi penipeni. Ndinafunsa ngati zili ndi timabowo. Anayankha kuti mtengo wopanda bowo uli kumwamba. Kenako anawonjezera okha kuti alamu akudandaula ndi kaufa kamene kakumagwa pansi pa zipikazo, akasesa m'mawa, pofika masana kabwereranso.



Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Ndikupempha munthu amene amawongola misomali yopindika n'kuisunga m'chitini, amene sanasonkhezerepo moto thabwa lotalika kuposa chikhatho. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho ndinena. Tenthani zipikazo, Bambo. Tsiku lomwe mwalandira kalatayi, musadikire kuti kuche. Zinyamuleni mupite nazo pabwalo lopanda mitengo, muzitenthe ndi makungwa omwe, pamodzi ndi zinyalala zimene alamu akhala akusesa. Musazicheke kuti mupulumutseko za m'kati, sowo nayo imanyamula nthenda. Aneba akapempha kuti akachite nkhuni, akanizeni ngakhale akunyozeni. Za mabenchi ndidzapita ndekha kukapepesa kwa ahedi, ndipo ndidzawafotokozera kuti wolakwa si inu.

Mwina mukwiya kuti mwana wa dzana akuphunzitsa kalipentala za mitengo. Kwiyani, ndidzagwada ndikafika. Koma mukamawerenga kalatayi, dzukani mupite kuseri kwa shedi, muyang'ane thunthu la Chaulusi kuyambira pansi mpaka pamene dzanja lanu lingafike. Diso lanu limaona mng'alu umene ife sitiuona. Mukapeza kabowo kapena utomoni wakuda, musapalepo, musamatepo phula, mungozunguliza ndi pensulo yanu ya kukhutu.

Ndinakhala masiku awiri ndikuopa kuwauza Mayi Dokotala za zipikazi. Lero m'mawa ndalimba mtima. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangofunsa kuti zakhala pamenepo masiku angati. Nditati khumi ndi awiri, anapita pakalendala n'kuwerenga ndi chala. Kenako anaitana adalaivala n'kuwauza kuti za masabata atatu zija zatha, tinyamuka Lachinayi lino. Anawatuma kuti alongedze mipeni yomezanitsira, ndiponso makina odulira mitengo ndi mafuta ake. Ndinafunsa kuti makinawo ndi a chiyani. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ngati yalowa kale, mtengowo sitingausiye uli chiimire pakati pa mango a anthu. Tikadziwa tikaona thunthu."

Kalatayi ndipatsira kondakitala wa basi ya m'mawa kuti ikupezeni ife tisanafike.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka bondo ndawagulira, ndibwera nawo. Moni kwa achimwene, ngakhale amandiseka, ndi kwa alamu, amene ndikuwathokoza chifukwa cha diso lawo. Azakhali muwauze kuti sindinawaiwale, ndidzawaona ngati nthawi idzalola, poti ulendo uno si wocheza. Amayi muwauze kuti tikubwera anthu atatu, koma za makinawo musawauze. Ngati kudzafunike kutero, ndidzawauza ndekha.

Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ine mwana wanu wachitatu,
Kamakani