Abulu a Vuyelwa

Lachiwiri, 11 Juni

Mkazi wanga Vuyelwa tinamuika Loweruka. Tenti achotsa, abale abwerera kwawo. M'nyumba fungo la kabichi ndi nyama ya nkhosa, pansi pake fungo la inki yake. Sindikutha kuwerenga. Tsamba lomwelo kuyambira m'mawa.

Buku lake lomaliza, la zithunzi za abulu oyendayenda muno m'komboni ya Joza. Anali atangodinda mtundu wotsiriza, wakuda, n'kuyanika mapepala pa zingwe pabalaza. Mawa lake anagwa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndawononga.

Tsiku la imfa, mkulu wake Sis' Nomvuzo anati pabalaza pachoke zonse, payalidwe matiresi a amayi olira. "Alamu, anthu alire pansi pa abulu? Yanulani izi." Ndinayanula ndekha. Ndinasanjikiza bwinobwino, n'kutsindira ndi mabuku anga olemera kuti mapepala asapindike. Ndinkati ndikusamala.

Inki yamafuta, nyengo yozizira. Inali isanaume. Lero ndachotsa mabuku aja: mapepala onse amatirirana, chinthu chimodzi ngati thabwa.

Loweruka, 15 Juni

Ndayesa ndi mpeni wopyapyala, ndayesa ndi nthunzi ya ketulo. Bulu mmodzi wang'ambika pakati, khutu latsala pa tsamba lina. Ndasiya.

Kunabwera Sivuyile, mnzake amene ankadinda naye pa makina amodzi. Ndinamupempha adindenso. Anandionetsa layino, zidutswa zonga mphira zimene Vuyelwa ankasemapo zithunzi zodinda. Chithunzi chilichonse layino yake imodzi yokha: kudinda chikasu, kusema, kudinda chofiira, kusemanso pomwepo. Chimene wasema chapita. Patsala mizere yakuda basi.

"Tata, akazi anu sankasiya njira yobwerera. Ndinkawauza kuti ameneyu ndi kasemedwe ka anthu amakani." Anaseka, kenako anatuluka kukaima kumpanda nthawi yaitali.

Zaka zonsezi akusema pafupi ndi mpando wanga. Ine maso m'mabuku a anthu a kutali. Sindinafunsepo.

Lachitatu, 26 Juni

Chimfine. Magetsi kulibe kuyambira masana. Nomvuzo watumiza mkate wophika ndi nthunzi, wafunsa ngati zithunzi zija zili bwino. Ndati zilipo.

Lamlungu, 7 Julaye

Sivuyile wati tidinde zakuda zokhazo. Wakana kugwira yekha. "Manja muli nawo, madala. Si otsegulira masamba okha." Wandiphunzitsa kupaka inki mpaka ilire pang'ono pansi pa chogudubuza.

Woyamba watuluka. Bulu wopanda thambo, wopanda dothi, wopanda nyumba zachikasu kumbuyo kwake. Koma waima mmene Vuyelwa ankawaimikira, mutu pansi, mwendo umodzi wopinda. Ndamuyanika pa chingwe. Ndaletsa aliyense kukhudza.

Akauma, akuti pamunsi pamalembedwa dzina la mwini ndi pensulo, ndi dzanja lake lomwe. Ndafunsa kuti la yani, la Vuyelwa kapena langa. Sivuyile wati zimenezo si za wodinda, wavala chipewa, wapita.