Lachitatu la Mzime

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana kanu kaja. Kodi chifuwa chija chinakasiya? Kuno tilipo. Amayi akudandaula msana monga mwa nthawi zonse, koma makina sakupuma chifukwa ino ndi nyengo ya mayunifolomu. Ine ndikuwerenga, mayeso ayandikira. Mzime m'thupi ali bwino, watalika moti nsapato zanga zakale zayamba kumukwana.

Ndalemba kalata chifukwa mukaimba foni amayi amakweza mawu kuti nyumba yonse imve, ndipo ine sindipeza mpata. Nkhani yake ndi ya Mzime.

Mukuwakumbukira aphunzitsi a ana osamva aja amene anayamba kubwera inu mutatsala pang'ono kuchoka? Kusukulu timawatcha Mayi Lachitatu, poti ndilo tsiku lathu. Masiku enawo amakhala akuzungulira sukulu zina, za boma lino ndi za boma la tsidya. Amafika pa njinga yamoto, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Kalasi alibe. Amaphunzitsira m'kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, kuseri kwa ofesi ya ahedi. Iwowa ndi amene anamupatsa Mzime chinenero cha manja. Ine ndinachiphunzirira pawindo, nthawi yopuma, anzanga akumenya mpira. Mukudziwa kuti ine ndi mpira sitimwerana madzi.

Kuyambira pamenepo manja anga ndiwo makutu a Mzime. Amayi akalankhula, iye amawayang'ana pakamwa mwaulemu, kenako diso limathawira kwa ine. Ine ndimangogwedeza zala pafupi ndi ntchafu, pang'ono chabe, iye n'kudziwa kuti akufuna sizasi kapena madzi. Tinazolowera mpaka sitiganizanso. Sitinapangane kuti tibise. Kungoti amayi akamalankhula maso awo amakhala pa nsalu, ndipo ine palibe amene amandiyang'ana.

Mwezi watha kunabwera anthu awiri ochokera ku ofesi ya maphunziro, bambo wa magalasi ndi mayi wa chikwama chachikulu. Anati akukonza ndondomeko ya chaka chamawa. Aphunzitsi onga Mayi Lachitatu ndi ochepa, sukulu ndi zambiri, ndiye maboma awiriwa agwirizana kuona mwana aliyense kuti adziwe kumene thandizo likufunika kwambiri. Mayi Lachitatu kunalibe, chifukwa alendowo anabwera Lolemba.

Amayi anavala diresi lawo la buluu lija. Ine ananditenga kuti ndiwanyamulire ambulera. Mu ofesi ya ahedi mipando inachepa, ndiye ndinaimirira pakhomo, kumbuyo kwa alendowo. Mzime anamukhazika moyang'anizana nawo.

Anali anthu abwino, achemwali, ndisaname. Bambo wa magalasi analankhula pang'onopang'ono. Anamuuza Mzime kuti aloze windo. Analoza. Anamuuza kuti atenge buku lofiira pakati pa mabuku ena n'kupatsa ahedi. Anatero. Anamufunsa zaka zake, iye anaonetsa ndi zala. Alendowo anayang'anana n'kugwedeza mitu. Amayi anaweramira kutsogolo nati, “Mwaona? Mwana wanga amamva ndi maso.”

Ndinazindikira titatuluka, nditaona dzanja langa lamanja likadali pa ntchafu. Windo, buku, chofiira, zaka, zonse ndinamuuza ndine. Sindinafune kunyenga munthu. Munthu akalankhula pamaso pa Mzime, dzanja langa limangoyamba lokha, monga phazi la amayi limapondera makina ngakhale akucheza.

Yankho linabwera kudzera kwa ahedi. Akuti Mzime amawerenga milomo bwino kwambiri, angathe kupitiriza m'kalasi ya onse, bola azikhala kutsogolo. Lachitatu lathu lapita ku sukulu ina ya boma la tsidya, kumene kuli ana ambiri osamva. Sindikuwada anawo. Koma Mzime m'kalasi mwake amangokopera za pa bolodi. Zilembo zake ndi zokongola kuposa zanga, aphunzitsi amamuchongera, koma tanthauzo amadzalimvera kunyumba, ine ndikamufotokozera pakhonde. Chaka chamawa ndikakhoza ndipita kusekondale. Adzayang'ana dzanja la ndani?

Mayi Lachitatu atabwera kudzatenga zithunzi zawo za pakhoma, ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anakhala pa desiki yothyoka n'kuseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Anati ndamuthandiza mng'ono wanga mpaka ndamuchotsa pamzere. Anandiuza kuti ndondomekoyo sinatsekedwe, idzatsekedwa teremu ino ikatha, ndipo mwana angathe kuonedwanso ngati kholo lapempha. Iwo akapempha zimaoneka ngati akukondera sukulu imodzi, ndipo mwana wa sukulu ngati ine ku ofesi angomufunsa kuti makolo ako ali kuti. Anati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Koma amayi sakumva m'mimba, achemwali. Akusangalala. Zaka zonsezi anthu akhala akumutcha Mzime mayina oipa aja mukuwadziwa, lero anthu a ku ofesi anena pamaso pa ahedi kuti mwana wawo ali ngati ana ena. Aliyense wobwera kudzayesa zovala amauzidwa nkhani ya buku lofiira. Amayi ogulitsa makala aja aimva kangapo, mpaka amaimaliza okha.

Ndinayesa kuwauza zoona amayi athu akusoka. Makina sanaime. Anati ndili ndi nsanje poti mng'ono wanga wayamikiridwa ndi anthu akuluakulu pamene ine sanandifunse ngakhale dzina. Anati anamubereka ndi iwo, amamvana naye tsiku ndi tsiku, ndiye ine ndiwauza chiyani. Anatinso ndisiye kuima m'makona ngati mlonda, ndipite ndikapeze anzanga.

Ndiye Loweruka lapitali ndinachita chinthu chimene sindikudziwa ngati chinali chanzeru. Ndinadzuka n'kuika manja m'matumba, osawatulutsa. Mzime sindinamuuze, chifukwa ndikanamuuza akanakana. Iye amakonda amayi akamamusekerera.

Amayi anamutuma sizasi. Anawayang'ana pakamwa, kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi. Anabweretsa ulusi. Amayi anabwereza mokweza, ngati kukweza kumathandiza. Anabweretsa tepi yoyezera. Panali kasitomala atakhala pa benchi, yemwe anali atangomva kumene nkhani ya buku lofiira. Amayi anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka mabatani anamwazika. Mzime anaona mkwiyo pankhope pawo osadziwa chimene walakwa. Anandiyang'ananso, nthawi yayitali, n'kugwada kuyamba kutola mabatani.

Ndinkaganiza kuti amayi aona. Koma anauza kasitomala uja kuti mwanayu wadzuka ndi mwano lero, akatopa amatero. Madzulo ndinawapeza atakhala pa makina osasoka, nsalu ili m'manja. Nditadutsa anandifunsa ngati ndatseka nkhuku, basi.

Kuyambira tsiku limenelo Mzime sakulankhula nane. Inu mukakwiya ndi munthu mumamumvabe akamapepesa, ngakhale musafune. Mzime akakwiya amangotembenuza nkhope, nkhani yatha. Popita kusukulu amayenda patsogolo kuti asaone manja anga. Ndikamugwira paphewa amatsinzina. M'chipinda mwathu wakokera mphasa yake kukhoma ndipo amagona moyang'ana khomalo. Ndapepesa kumsana kwake mpaka zala kuwawa.

Sindinkadziwa kuti ndimacheza ndi munthu mmodzi yekha mpaka pano. Nthawi yopuma ndimapitabe pawindo la kachipinda kaja. Muli madesiki okhaokha, ndi mawanga oyera pakhoma pamene panali zithunzi. Kale tinkaseka anthu ali pomwepo osadziwa. Ahedi timawatchula pogwira mimba, alamu pokanda ndevu, musawauze. Pano ndikaona chinthu choseketsa mumsewu dzanja limanyamuka, kenako ndimalibweza.

Pali china chimene chikupweteketseni mtima, koma muyenera kuchidziwa. Mukaimba Lamlungu, amayi amaika foni pakhutu la Mzime kuti akupatseni moni. Inu mumafunsa ngati ali bwino, iye amati “ee”. Mumafunsa ngati akulimbikira sukulu, amati “ee”. Munanena tsiku lina kuti mawu anu okha ndiwo amawamva, ndipo amayi analira ndi chimwemwe. Achemwali, mawu anu sanawamvepo. Ine ndimakhala pambali pake, mukamaliza funso ndimamugunda bondo ndi chala. Ndinkaona kuti zikukusangalatsani muli kutaliko, ndiye ndinapitiriza.

Pempho langa ndi ili. Amayi amakumverani inu. Lamlungu likudzali mukaimba, ine sindikhala m'nyumba, ndikakhala kuseri kwa mpanda. Akamupatsa Mzime foni, mufunseni monga mwa nthawi zonse, kenako mudikire. Musafulumire kudzaza mpatawo ndi nkhani zina. Amayi akayamba kuseka n'kunena kuti wachita manyazi, musaseke nawo. Auzeni kuti inunso mwamva zimene iwo amva, kuti Mzime sanayankhe. Musawakalipire, chonde, anthu anawakalipira kale mokwanira chifukwa cha mwanayu. Ingowapemphani apite kwa ahedi teremu isanathe, akapemphe kuti Mzime aonedwenso, Mayi Lachitatu alipo, ine kulibe.

Ndikudziwa kuti Mzime adzasowanso chochita ndi foniyo, adzandifunafuna ndi maso osandipeza, ndipo adzati ndamutayanso kachiwiri. Mwina sadzatembenuka mpaka ndipite kusekondale. Zimenezo ndazilandira. Bola akhale ndi munthu wina womumva, ngakhale tsiku limodzi pa sabata.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu ndi m'nyumba mwanu. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwanako mukauze kuti kuno kali ndi amalume awiri, wina wa phokoso wina wa zii, ndipo wa phokosoyo ndi Mzime. Musayankhe ndi kalata, amayi amatsegula. Ingoimbani.

Ndine mlongo wanu,
wapakati uja.