Masitepe Opapatiza

Lolemba, 4 Meyi
Mayi akunyumba anenetsa: aberekera pakhomo. Zachipatala sakufuna n'kumva komwe. Pamimba yoyamba ija achipatalawo anawaiwala pabenchi, mwana n'kupitira pomwepo. Ine mmisiri wa matabwa, zamagazi ndizidziwira kuti? Komanso timagona m'chipinda cham'mwamba, pansi ndi pogwirira ntchito panga.

Lachitatu, 6 Meyi
Kwabwera azamba. Mayi wamfupi, chikwama chachikulu, kumwetulira kulibe. Ndimati ayamba n'kuona mimba. Ayamba ndi ine! "Anyamuleni akazi anu, mutsike nawo mpaka pamsewu. Zikadzavuta mudzachita zomwezi." Ndawanyamula. Pokhotera masitepe tapanikizika, phazi lawo kukhoma, chigongono changa pachogwirira. Masitepe opanga ndekha, amene ndimaonetsa makasitomala. Mayi akunyumba aseka mpaka misozi. Azamba ayi. Akuti munthu wotaya magazi sadikira kuti mukhote bwino.

Lachisanu, 8 Meyi
Ndagula pulasitiki woyala, matawulo, ulusi ndi lumo latsopano. Ndafunsa ntchito ya lumolo. Bola ndikanangokhala chete. Chakudya chandikanika.

Lamulungu, 10 Meyi
Ndayezanso pokhotera paja. Mpopapatiza basi, ngakhale ndichotse chogwirira. Azamba akuti kwatsala milungu ingapo. Nthawi ilipo. Mantha nawonso alipo.

Lachiwiri, 12 Meyi
Ndazula masitepe onse. Atsopanowo akhala otambalala, osakhota. Mayi akunyumba anangosuzumira pakhomo, manja m'chiuno. "Bambo, mwandisandutsa nkhunda?" Ndawalonjeza kuti mawa lomweli atsika ngati mkwatibwi. Madzi ndi chakudya ndikukweza pamakwerero. Apongozi akangomva, ndatha ine.

Lachitatu, 13 Meyi
Matabwa amene ndimadalira aja ndi aawisi, apindika ngati uta. Ine wa ntchito yomweyi osaona! Ouma afika Lachisanu.

Lachinayi, 14 Meyi
Nsupa yasweka m'mawa, matenda ayamba. Milungu ingapo ija yathera pomwepa.

Azamba atafika anayang'ana m'mwamba, n'kuyang'ana ine. Bola akananditukwana. Anangomanga chikwama kumsana n'kukwera makwerero, mayi wamkulu ngati ameneuja. Nditati ndiwatsatire, anatembenuka. "Inu kuno mulibe ntchito. Khomani."

Ndakhoma, ndi matabwa opindika omwewo. Misomali ikungokhota, nyundo yandiphwanya chala, sindinamve n'kuwawa komwe. Ndikulemba izi kuti ndisapenge. Ndikuopa. Sindinaopepo chonchi chibadwire.

M'mwamba munali kubuula. Tsopano muli zii.

Azamba asuzumira, mikono yonse magazi. Afunsa kuti masitepe afika pati. Ndati theka. Akuti mwana ali bwino, wamkazi, koma mayi akunyumba akutaya magazi, ndiitane galimoto msanga, ndipo ndikwere ndidzawanyam